Chithunzi cha Luckness

Kwa Mposa, ukalowa m'nyumba ya munthu amene anakwatitsa kapena kubatiza mwana m'zaka makumi atatu zapitazi, n'kupeza chithunzi pakhoma, kawirikawiri anajambula ndi a Blasius Nakoma.

A Nakoma anabadwira m'munsi mwa phiri la Chikala, m'banja la alimi a mpunga. Agogo awo anachokera ku Mozambique wapansi, atasenza makasu ndi mbewu ya kalongonda, ndipo pakhomopo Chilomwe chinkamveka akuluakulu akafuna kuti ana asamve zimene akukambirana. Sukulu anailekeza Sitandade 8. Kamera yawo yoyamba anaigula ku Zomba mu 1994 kwa msilikali wina wopuma pantchito, ndipo kuyambira pamenepo njinga yawo inadziwa njira zonse za kumatchalitchi, kumizikiti ndi kusukulu za m'deralo. Filimu ikadzaza ankapita nayo ku Zomba kukatsukitsa, n'kubwerera akugawa zithunzi khomo ndi khomo.

Anali munthu wosachulutsa mawu, wochita zinthu mosathamanga. Mkwati ndi mkwatibwi ankatha kuima padzuwa thukuta lili kamukamu, iwo akuyang'ana kumwamba kuti mtambo udutse kaye. Anthu ankanyinyirika, koma chithunzi chikabwera ankakhala chete. Akazi awo, a Dorica, ankati mwamuna wawo amadziwa nkhope za anthu a m'midzi khumi koma sadziwa nkhuku za pakhomo pake.

Mafilimu otsukidwa kale ankawasunga m'sutikesi pansi pa bedi, kuti munthu chithunzi chikamutayikira adzamutsukirenso. Chaka china anatsekula sutikesi ija n'kupeza chiswe chitamanga nyumba mkati, chinyezi chitamatiza zotsalazo. Ntchito ya zaka khumi ndi zisanu inathera kudzala. Ndiye pamene mwana wawo Jimu, amene amagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku Blantyre, anawabweretsera kamera yamakono, laputopu yogwirapo kale ntchito ndi hadi disiki, a Nakoma anaona ngati mavuto atha. Hadi disikiyo inali kabokosi kakuda kokwana m'thumba la malaya, kolumikiza ku laputopu ndi kachingwe kakafupi. Jimu anawauza kuti mungalowe zithunzi za boma lonse la Machinga malo n'kutsala.

"Ndipo chiswe sichidya ichi," anatero a Nakoma, akukatembenuza m'manja.

Kuyambira mu 2011, chilichonse chimene ajambula ankachisamutsira m'kabokosimo, n'kufufuta mu kamera kuti mupezeke malo. Laputopu inali yaing'ono, moti simunkakhala kanthu. Ankasanja zithunzizo m'mafoda, chaka ndi mwezi wake. Mafoni okhala ndi kamera atachuluka ntchito inachepa, koma kumidzi yakutali ndi msewu kunali anthu ambiri amene foni yawo ndi ya mabatani, ndipo amenewo ankawaitanabe.

Mu 2022 kabokosi kaja kanagwa patebulo m'kashopu kawo ka pamsika, chingwe chitakola m'chigongono chawo. Anakatola, ndipo atakalumikiza kanayaka. Kungoti kuyambira tsiku limenelo kankachedwa kutsekula, ndipo nthawi zina kankalira pang'ono mkati. Jimu atamva pa foni anawauza kuti agule kena msanga, akopere zonse, zikhale pawiri. Iwo anati akakolola mpunga. Atakolola, panagwa zina.

Kenako kunabwera mvula ya namondwe ya mu Malichi 2023. Inagwa masiku angapo osapumira, madzi ochokera kuphiri n'kukumana ndi ochokera kudambo. Nyumba za zidina zinanyowa kuchokera pansi n'kumangokhala pansi ngati ng'ombe yotopa. Ya a Nakoma inali ya njerwa zootcha, inapulumuka, ndipo zipangizo zawo anali atazikulunga m'mapepala a pulasitiki n'kuzipachika kudenga. Anthu ambiri m'midzi yozungulira anatsala ndi zovala za m'thupi zokha.

Patapita milungu itatu, Lolemba lina m'mawa, pakashopu panafika mayi wina dzina lake Maness, wochokera kumudzi wa kufupi ndi dambo. A Nakoma ankamudziwa kutchalitchi, ndipo za maliro a pakhomo pake anali atamva. Khoma la nyumba linagwera mwana wake mmodzi yekhayo, Luckness, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mwamuna anamusiya kalekale mwanayo ali kumsana.

Maness anakhala pabenchi n'kupereka moni. Anayamba kupotokola nsonga ya chitenje.

"Bambo, munamujambula mwana wanga pa Khirisimasi, osati yapitayi, inayo. Anavala diresi yachikasu."

"Pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa tchalitchi," anatero a Nakoma. Tsiku limenelo ana onse anawajambulira pamenepo.

"Eya. Chithunzicho chinali pakhoma lomwelo. Ndinachipeza m'matope, koma pepala lokha, nkhope itasungunuka. China ndilibe. Ndimati mwina inu munasunga."

"Ndinasunga, amake Luckness. Chilichonse ndimasunga. Khalani pomwepo muchione."

Analumikiza laputopu ku batire ya sola, n'kulowetsa kachingwe ka hadi disiki. Kanyali kake kanayaka. Mkati munamveka kuzungulira, kenako kaphokoso kakang'ono, thi, thi, thi, n'kusiya. Pa laputopu sipanaoneke kanthu. Anazula n'kulowetsanso. Thi, thi, thi. Anayesa bowo lina la laputopuyo, chimodzimodzi. Maness anali atadzuka pabenchi, ataima kumbuyo kwawo, akuyang'ana pagalasi.

"Chingwechi chatha," anatero a Nakoma osatembenuka. "Mubwere Lachinayi, mudzachipeza chotsukatsuka."

Mayiyo atapita, anakabwereka chingwe china kwa wogulitsa mafoni pamsika. Sichinathandize. Anapukuta pobayira chingwe ndi kansalu, anauzira mpweya, anazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Tsiku lonse linatha akuzula ndi kulowetsa. Kamodzi kokha, chakumasana, dzina la hadi disiki linaoneka pagalasi, koma asanatsekule foda ngakhale imodzi linazimiririka.

Mawa lake munthu wina wodikira kumeta pa shopu yoyandikana nayo anawauza kuti wailesi yake ikachita choncho amangoimenya pang'ono. A Nakoma anaseka, koma atatsala okha anatenga kabokosi kaja kali koyaka n'kukagogoda pachikhatho. Kanakhala chete pang'ono, ndipo iwo anaganiza kuti zatheka. Anakagogodanso, mwamphamvuko. Phokoso linabwerera, tsopano likumveka ngati mpeni ukunoledwa patali.

Kunyumba a Dorica anaona kuti mwamuna wawo sakudya.

"Bambo a Jimu, si mukanangomuimbira mwanayo?"

"Andiuza kuti anandiuza kale."

"Ndiye kuti ananama?"

Tsiku lachitatu a Nakoma anapalasa njinga mpaka kumsewu wa tala, n'kukwera minibasi ya ku Machinga boma, kumene kunali a Hilary, mnzawo wotayipa makalata ndi kufotokopa pafupi ndi maofesi. A Hilary analumikiza kabokosiko ku kompyuta yawo yaikulu. Patapita nthawi pagalasi panatuluka uthenga wa Chingerezi wofunsa ngati akufuna kufomata.

"Ikuti tiikonze kuti iyambe kugwira," anatero a Hilary, dzanja lili kale pa mausi.

A Nakoma anawagwira pamkono. Mawu amenewo ankawadziwa, chifukwa ndi omwe ankadina pa kamera akafuna kufufuta zonse.

"Iyayi, achimwene. Mukadina pamenepo ndatha."

A Hilary anachotsa dzanja, n'kuvomera kuti zimenezi zawapitirira. Anawauza za mayi wina ku Balaka, a Zaina, amene amakonza makompyuta kuseri kwa depoti ya basi, ndipo anthu a m'maofesi amapita kwa iwo zikavuta.

Lachinayi Maness anabwera n'kupeza kashopu kotseka. Nthawi imeneyo a Nakoma anali mu minibasi akuoloka Shire pa Liwonde, kabokosi katakulungidwa m'thaulo m'chikwama chimene anachifungata pamiyendo. Madzi anali adakali odzadza, ofiira, akukokolola zinyalala.

Shopu ya a Zaina inali kachipinda kopapatiza, mashelefu odzaza makompyuta otsekulidwa mimba. Anali mayi wa zaka za m'ma 30, wovala mpango wobiriwira ndi magalasi. Unali mwezi wa Ramadani ndipo iwo anali pa swaumu, osadya osamwa, koma ataona mlendo wawo atauma milomo anamutungira madzi m'kapu. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Kenako analumikiza hadi disiki, n'kuiika pakhutu. Inangolira kawiri, iwo n'kuzula chingwe msangamsanga.

"Chiyambireni kulira chonchi mwaiyatsa kangati, bambo?"

"Sindinawerenge. Kambiri."

"Inagwapo?"

"Chaka chatha," anatero a Nakoma. "Komanso dzana ndinaigogoda. Ili yoyaka."

A Zaina anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Sanawadzudzule. Anawafotokozera kuti mkatimo muli kambale kosalala kamene kamazungulira mothamanga kwambiri, ndipo pamwamba pake pamayenda kasingano kowerenga, kosakhudza mbaleyo ngakhale pang'ono. Kabokosi kakagwa kasinganoko kamapindika n'kuyamba kukanda. Phokoso lija ndi kasingano kakufunafuna poyambira n'kumalephera. Nthawi iliyonse imene kayatsidwa, kamapala mbale, ndipo fumbi lopalikalo ndiye zithunzizo.

"Ndiye masiku atatu onsewa ndimazipala ndekha," anatero a Nakoma.

"Anthu onse amatero. Palibe amene amabwera tsiku loyamba."

Anati pali chimodzi chimene angayese. Nthawi zina vuto limawonjezeka ndi kabolodi kakang'ono kolandira chingwe, kamene sikapereka moto wokwanira. Anakanula chikuto cha pulasitiki ndi kampeni, n'kutulutsa kachitsulo kophwatalala, kowala. Chitsulocho anati satsekula, chifukwa kafumbi kamodzi kokha kakalowa ndiye basi. Anachotsa kabolodi kaja n'kulumikiza chitsulocho mwachindunji mkati mwa kompyuta yawo yaikulu, n'kuyatsa fani kuti izichikupiza.

"Tsopano mumve bwino, bambo. Ikaoneka, sitidziwa kuti ikhala nthawi yaitali bwanji. Mwina ola, mwina mphindi zisanu. Zonse sitingakope. Mundiuziretu chimene mukufuna ndisanayatse."

A Nakoma anatseka maso. M'menemo munali ukwati wa Jimu. Munali chithunzi chomaliza cha amayi awo atakhala pamkeka akusankha nandolo. Munali anthu a m'midzi khumi, ambiri a iwo atagona kale.

"2021," anatero. "Disembala. Tsiku la 25."

Kompyuta inayaka. Thi, thi. Kenako phokoso linasiya, ndipo patapita kanthawi mafoda anayamba kuoneka mmodzimmodzi. A Zaina analowa mu Disembala. Za tsiku la Khirisimasi zinalipo zoposa mazana atatu, zopanda maina, manambala okhaokha monga imalembera kamera.

"Ndi chiti?"

"Tsekulani tizione."

"Iyayi. Kuzionetsa kuitopetsa. Ganizani. Munayamba kujambula ndani?"

A Nakoma anayesa kulibweza tsikulo m'mutu. Misa itatha anayamba ndi kwaya, yonse pamodzi kenako mmodzimmodzi. Kenako banja la akatekisiti, kenako amayi a bungwe atavala yunifomu. Ana anabwera pambuyo pake, dzuwa litapendeka, asanapite kukajambula mpira kubwalo la sukulu.

"Chapakati, kupitirirako pang'ono."

A Zaina anasankha kuyambira pa chithunzi cha 180 n'kuyamba kukopa. Kamzere kosonyeza mmene ntchito ikuyendera kankasuntha ngati nkhono. Chithunzi china chinkadutsa msanga, china chinkaima mphindi khumi, chitsulo chikulira, mpaka a Zaina n'kuchidumpha. Kunja makondakitala ankaitanira anthu a ku Ntcheu ndi ku Mangochi. Munthu wina anabwera ndi foni yosweka galasi, anamuuza kuti abwere mawa. A Nakoma anakhala pa kampando manja ali pakati pa mawondo, osagwedezeka, ngati kuti akasuntha chitsulocho chimva.

Maola awiri asanakwane phokoso linasintha. Linakhala lokhetsa mano, losalekeza, kenako zii. Mafoda anachoka pagalasi. A Zaina anazimitsa, anadikira kuti chizizire, n'kuyesanso kamodzi. Mbale sinazungulirenso.

Zimene zinakopeka zinali makumi anayi ndi chimodzi. Anayamba kuzitsekula. Zoyambirira zinali amayi a bungwe. Kenako ana pansi pa mtengo wa mango: mnyamata wa suti yaikulu, mapasa ovala zofanana, mtsikana wonyamula chidole. Zina zinali zabwinobwino, zina zodukaduka ndi mizere yobiriwira. Chachitatu kuchokera kumapeto chinatseguka kuyambira pamwamba. Panaoneka masamba a mango, ngodya ya denga la tchalitchi, kenako tsitsi lolukidwa lomangidwa ndi kaliboni kachikasu, chipumi, nsidze. Kuchokera pamenepo kutsika mpaka pansi panali potuwa pokhapokha ngati khoma la simenti.

"Ameneyu," anatero a Nakoma.

A Zaina anayesa kuchitsekula ndi pulogalamu ina, ndi inanso. Chinali chimodzimodzi. Anafotokoza kuti chithunzi chimalembedwa kuyambira pamwamba, ndipo mbali yotsalayo inali pamalo popalika.

"Kunja kwa dziko kuli anthu okhala ndi zipinda zopanda fumbi, amatsekula n'kusintha kasingano," anatero. "Koma pamene papalika palibe angabwezeretse. Ndi mmene imalirira pomaliza paja, sindingakulimbikitseni."

A Nakoma anakhala akuyang'ana chipumi chija.

"Mayi, mundiuze zoona. Ndikanabwera nayo Lolemba, osaivutitsa, chikanatuluka chonse?"

A Zaina anazengereza.

"Mwina. Sindingalumbire. Koma mwayi ukanakhala wokulirapo."

A Nakoma anakatsukitsa chithunzicho pa situdiyo ina ku Balaka komweko. Wotsukayo anafunsa ngati adule kotuwako. Iwo anati achisiye mmene chilili.

Loweruka anapalasa njinga kupita kumudzi kwa Maness. Njira inali idakali ya matope, mwina ankatsika n'kumakankha. Anamupeza akukhala m'kachisakasa ka udzu ndi lona pakhomo pa mlongo wake, akuyanika chimanga chochepa chimene anatola m'munda. Chapataliko panali mulu wa dothi pamene panali nyumba yake. Anawayalira thumba kuti akhalepo.

A Nakoma sanatulutse envelopu msanga. Anayamba ndi kufotokoza zonse, za kugwa kwa chaka chatha, za chenjezo la Jimu, za masiku atatu aja, ngakhale za kugogoda. Maness anamvetsera akuyang'ana pansi. Zambiri mwina sanazimvetse, koma anamva kumene nkhani ikupita. Atamaliza, a Nakoma anamupatsa envelopu ndi manja awiri.

Maness anatulutsa chithunzicho n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Anayendetsa chala pa tsitsi, n'kutsika mpaka pamene utoto unathera.

"Liboniyi ndinadula ku lamba wa diresi," anatero. "Inali yaitali kwambiri."

"Pepani, amake Luckness. Mlandu ndi wanga."

Mayiyo anakweza maso n'kuwayang'ana.

"Inu munamuona pojambula, bambo. Ankaseka?"

A Nakoma anafufuza m'mutu. Mtengo ankaukumbukira, mzere wa ana ankaukumbukira, ngakhale mmene dzuwa linkagwera pakhoma. Nkhope ya mwanayo inasakanikira ndi nkhope za ana ena mazanamazana amene anaimapo kutsogolo kwawo. Akanatha kungoti eya.

"Sindikukumbukira, mayi."

"Sankaseka. Mano akutsogolo anali atangogweluka, ndiye ankachita manyazi, anatseka pakamwa." Anaika chithunzicho pamwendo. "Zimenezo ndikudziwa. Koma ndikati ndimuone m'maganizo, ikubwera ndi nkhope ya tsiku limene tinamufukula. Inayo ikundithawa. N'chifukwa chake ndinabwera kwa inu."

A Nakoma anakhala pamenepo kanthawi, nkhuku zikuzungulira chimanga popanda woziingitsa. Potsanzika, Maness anawaperekeza mpaka panjira monga mwa ulemu, chithunzi chili m'manja, ndipo anawathokoza chifukwa cha ulendo wa ku Balaka.

Zithunzi zina zija makumi anayi a Nakoma anazitsukitsa n'kukapereka kwa eni ake. Jimu atamva nkhaniyo sananene kuti ndinakuuzani. Anangotumiza mahadi disiki awiri atsopano pa basi, ndi kakalata kofotokoza kuti chilichonse aziika monsemo. A Nakoma amachitadi zimenezo, koma zoti aikemo n'zochepa. Kumaukwati anasiya kupita. Amati maso ayamba kuchita chifunga, ndipo n'zoona, ngakhale a Dorica amadziwa kuti si chifukwa chokhacho. Masiku ano amatsekula kashopu Lachiwiri ndi Loweruka, kujambula tizithunzi ta pa mafomu a mayeso, masiku enawo ali kudambo ndi khasu. Kachitsulo kakufa kaja sanakataye. Kali m'chitini cha tiyi pamwamba pa kabati.

Chimene sichinathe ndi anthu obwera kudzafunsa. Mbiri yoti a Nakoma amasunga chilichonse inafika kutali kuposa mbiri yoti zonse zinatha. Mwezi uliwonse pamabwera wina, amene nyumba inamugwera chaka chija kapena amene waferedwa posachedwa. Loweruka lina posachedwapa anabwera a Abdulwahab, nkhalamba ya ku Utale, amene anamanga banja kwa Mposa asanasamukire ku Balaka. Anakwera kabaza, minibasi ziwiri ndi kabaza wina, atavala mkanjo woyera wochapa bwino. Akazi awo anali atamwalira masiku makumi anayi apitawo, ndipo ana ankafuna chithunzi chimene a Nakoma anawajambula mayiwo pa chikondwerero cha Idi mu 2014.

A Nakoma anawalandira ndodo, anawakokera benchi pamthunzi, n'kufunsa za ulendo ndi za mvula ya ku Utale. Mlendoyo atapuma, anakhala moyang'anizana naye n'kuyamba kumufotokozera za kabokosi kaja.